Varial kickflip: thabwa likuzungulira, koma phazi limodzi likukana kukwera

Funso: "Ndakhala ndikusewera skateboard kwa chaka ndi theka. Ollie ndi pop shove-it ndimazitha, kickflip ndimatera maulendo 6 pa 10 alionse. Miyezi iwiri tsopano ndikulimbana ndi varial kickflip. Pena thabwa limangozungulira osagudubuzika. Pena limachita zonse bwinobwino koma limakagwera kutsogolo kwanga, ine n'kupondapo ndi phazi lakutsogolo lokha, lakumbuyo lili pansi. Mnzanga akuti ndingoisiya ndiyambe 360 flip, ati varial imawononga mapazi a munthu. Ndimumvere?"

Achimwene, funso lomalizalo ndi lalifupi kuyankha: musaisiye. Zimene mwalembazi ndi zizindikiro za munthu amene watsala pang'ono. Thabwa likamazungulira, kugudubuzika, n'kukagwa mateyala ali pansi, ndiye kuti mapazi anu ntchitoyi aidziwa kale, ngakhale sakuigwira mofanana ulendo uliwonse. Chimene chatsalira ndi thupi lanu, kuyambira m'chiuno kukwera kumtunda, kuti lizipezeka pamwamba pa thabwalo pamene likutsika. Mnzanuyo pali pena pamene akulondola, ndipo ndifikapo, koma tiyambe ndi vuto lanu.

Tigwirizane kaye kanenedwe kuti tisasocheretsane. Ndikati "kutsogolo kwanu" ndikunena kumene kwaloza chifuwa ndi zala za kumapazi. "Kumbuyo kwanu" ndi kumene kuli zidendene. Mphuno ndi nsonga yakutsogolo ya thabwa, mchira ndi yakumbuyo, ndipo kumene mukulowera ndizikutchula kuti kumphuno. Ollie ndi kudumpha pamodzi ndi thabwa pomenyetsa mchira pansi, pop shove-it ndi kulizunguliza chogona madigiri 180 m'malere, kickflip ndi kuligudubuza kamodzi cham'mbali, ndipo 360 flip ndi kickflip yophatikiza ndi kuzungulira chogona madigiri 360. Pa varial kickflip thabwa limazungulira chogona madigiri 180, mphuno n'kukakhala kumene kunali mchira, ndipo likuzungulira choncho limagudubuzikanso kamodzi kathunthu. Mchira umathawira kumbuyo kwanu, mphuno imadutsa kutsogolo kwanu: ndiyo backside pop shove-it ija mumaitha kale, itakumana ndi kickflip. Kwa munthu woika phazi lamanzere kumphuno, thabwa limazungulira motsatira mivi ya wotchi ukaliyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo kwa woika lamanja ndi mosemphana. Ndanena izi chifukwa ena amayesa varial atazunguliza mbali inayo osadziwa, ndipo kickflip yophatikiza ndi frontside shove-it ndi chinthu china, dzina lake hardflip, chovuta kuposa chimene mukufunachi.

Munthu akamva kuti ndi shove-it kuphatikiza kickflip, amatenga mphamvu zonse za shove-it ndi mphamvu zonse za kickflip n'kuzithira pamodzi. Chisokonezo chimayambira pamenepo. Mukadumpha masentimita 30 m'mwamba mumakhala m'malere pafupifupi theka la sekondi basi, ndipo m'kanthawi kameneko thabwa liyenera kunyamuka, kuzungulira, kugudubuzika, kugwidwa ndi kutsika. Mphamvu zikachuluka silifulumira kuchita zimene mukufuna, limangopitirira muyeso n'kuthawa. Taonani kapangidwe kake: m'litali pafupifupi masentimita 80, m'lifupi pafupifupi 20. Kuligudubuza cham'mbali n'kopepuka, popeza kulemera kwake konse kuli pafupi ndi mzere umene likugudubuzikirapo, moti nsonga ya nsapato ikangolikola bwino lapita. Kulizunguliza chogona kumafuna mphamvu yochulukirapo poyamba, chifukwa ma truck (zitsulo zogwira mateyala) ndi mateyalawo ali kutali ndi pakati, koma likangoyamba silifuna kuima lokha. Ndiye phazi lililonse lili ndi ntchito yake yaying'ono, ndipo kuwonjeza pa ina kumaononga inzake.

Palinso njira yachitatu imene thabwa lingazungulirire, yoti mphuno ipidiguke kudutsa pamwamba pa mchira. Chinthu chachitali ndi chophwatalala sichikhazikika chikamazungulira motero, chimapotoka chokha chili m'malere. Tengani buku, mulimange ndi labala kuti lisatseguke, muliponye m'mwamba molipidigula, ndipo muona kuti nthawi zambiri likutsika litatembenuka mbali imene simunaitume. N'chifukwa chake pa kapidigulidwe kotere kotchedwa impossible, kamene anakayambitsa katswiri wa skateboard Rodney Mullen, phazi lakumbuyo limaperekeza thabwa ulendo wonse osalisiya. Inu izi zikukukhudzani motere: mukamenya mchira mopyola muyeso thabwa n'kuimirira chilili, mwalowetsa kupidiguka kumeneku m'kati mwa varial yanu, ndipo kumene ligwere simungakudziwe. Varial yabwino imayenda chogona, mphuno itangokwera pang'ono.

Phazi lakumbuyo liikeni pamchira, koma osati pakati penipeni pamene mumaliika pa ollie. Lisendezereni pang'ono kumbali ya zala, kuti mchira muuponde ndi kumunsi kwa zala, chala chachikulu chili pafupi ndi m'mphepete. Kumenya pansi kumayamba, kupalasa kumatsatira, ngakhale kuti ziwirizi zimatsatana mwachangu moti woonerera amangoona chinthu chimodzi. Mchira ugunde simenti kaye, phokoso lake limveke, kenako akakolo aukankhire kumbuyo kwanu. Onani mmene nkhuku imapalasira dothi: chikhadabo chimakanda n'kutaya kumbuyo mwachidule, n'kubwerera pomwe chinali. Osewera kupalasa kumeneku amakutcha scoop, ndipo pa varial ndi kochepa kwambiri kuposa mmene mtima umakuuzirani. Mukapalasa ndi mwendo wonse kuchokera m'chiuno, zinthu ziwiri zimachitika: thabwa limapitirira 180 n'kukagwa chopingasa cha pa 270, ndipo mwendowo umatsalira kumbuyo utawongoka, kutali ndi thabwa. Sungani mfundo yachiwiriyi, tibwereranso.

Kuti mudziwe ngati scoop yanu ili pa muyeso, ikani mapazi onse m'malo a varial, koma muchite pop shove-it wamba, phazi lakutsogolo osakwapula kanthu. Likamaima pa 180 ndendende inu n'kuteramo, phazi lakumbuyo lilibe mlandu, ndipo musaliwonjezere mphamvu mukayamba kugudubuza. Ambiri amalephera mayeso aang'ono amenewa, chifukwa shove-it yawo amaitha mapazi ali malo amodzi okha amene anazolowera.

Vuto lanu loyamba lija, loti thabwa limazungulira osagudubuzika, likuchokera ku phazi lakutsogolo, ndipo gwero lake ndi kickflip yanu yomwe. Pa kickflip munazolowera kukhwekhwereza nsapato kukwera kumphuno n'kuitulutsira cham'mbali, kumbali ya chidendene, pakona pamene thabwa lapindikira m'mwamba. Zimatheka chifukwa mphuno imakhala pomwepo kudikira phazi. Pa varial mphuno siidikira munthu. Mchira ukangopalasidwa, mphuno yayamba kale ulendo wopita kutsogolo kwanu. Mukakwapulira cham'mbali monga mwa chizolowezi, phazi likulowera kwina, thabwa kwina, nsapato imachoka pa grip tape (pepala lakuda lokhakhala la pamwamba pa thabwa) isanakole m'mphepete, ndipo chotuluka ndi shove-it yopendekeka pang'ono. Choncho kwapulirani molunjika kumene mukulowera. Popeza thabwa likutembenuka pansi pa phazilo, mbali yake ya kuchidendene imabwera yokha kudzakumana ndi nsonga ya nsapato n'kukoledwa. Poyamba zimamveka zachilendo, ngati mukuphonya dala kona imene munaivutikira miyezi kuti muipeze, koma yesani maulendo angapo muone mmene thabwa liyambire kugudubuzika mosakakamiza.

Phazilo likhale kumunsi kwa mabawuti akutsogolo, pang'ono kutsikirapo kuposa pamene mumaliika pa kickflip, litapendekeka pafupifupi madigiri 45, chidendene chili panja pa thabwa. Musatulutse chidendene chonse ndi theka la phazi lomwe. N'zoona kuti thabwa limagudubuzika msanga mukatero, koma limayamba kukhotera kumbuyo kwanu musanadumphe n'komwe, ndipo mumanyamuka thupi litapendekeka kale. Kukwapula kwenikweniko, kumene osewera amati flick, ndi ntchito ya akakolo, yachangu, ndipo imabwera msanga kuposa pa kickflip, pafupifupi nthawi yomwe mchira ukugunda pansi. Mukachedwa pang'ono, mphuno yapita. Ndipo ipite kumphuno chokwera, osati chotsika. Wokwapulira pansi thabwa limamugudubuzikira ndithu, koma phazi lakelo limafika pa simenti thabwa lisanafike, ndiye aterapo bwanji?

Tifike pa nkhani yaikulu. Thabwa kugwera kutsogolo kwanu si tsoka ayi, ndi mmene backside shove-it iliyonse imachitira. Pamene mchira ukugunda pansi, thabwa limatembenukira pafupi ndi mateyala akumbuyo, osati pakati pake. Kachigawo kakang'ono ka kumchira kamapita kumbuyo kwanu, koma gawo lalikulu, kuyambira pa truck yakumbuyo mpaka kumphuno, limapita kutsogolo kwanu, ndipo kulemera kwambiri kuli kumeneko. Ndiye thabwa lonse limasendera kumbali ya zala. Pa pop shove-it mumalitsatira osadziwa n'komwe kuti mukulitsatira. Pa varial maganizo onse ali pa flick, ndipo thupi limabwerera ku chizolowezi cha kickflip, chodumpha molunjika m'mwamba kapena kutsamira pang'ono kuchidendene. Thabwa lapita uku, inu mwatsala uko, ndipo phazi limene lingalifikire ndi lakutsogolo lokha chifukwa linali litatambasuka kale.

Jambulani mzere pansi ndi choko, kapena pezani mzere umene analumikizira simenti, muziyenda pamwamba pake motsatira. Yesani maulendo 10 osafuna n'komwe kuteramo, mungoona pamene thabwa likugwera. Likamagwa utali wa nsapato imodzi kuchokera pamzerewo, kapena kucheperapo, thabwa silikulakwa, ndipo pamenepo ndi pamene inu muyenera kudumphira. Likamakagwa mita yathunthu, palibe angalitsatire. Scoop yachuluka, kapena mukulikankha ndi mwendo m'malo molimenyetsa pansi. Malo ogwerawo amanenanso zina. Likamathawira kumphuno inu n'kutsala, ndiye kuti munanyamuka mutalemera pa mwendo wakumbuyo. Likamatsalira kumchira inu n'kulipitirira, munalemera kwambiri pa mwendo wakutsogolo. Likamagwa chagada, mateyala ali m'mwamba, flick inali yofooka kapena yochedwa, kapenanso munaliponda lisanamalize. Munthu amene amaona pamene thabwa lagwera asanalitole amaphunzira msanga kuposa amene amangolitola mokwiya n'kuyesanso.

Kudumphira kutsogolo sikutanthauza kudziponya. Kumayambira pa kakhalidwe kanu musanamenye mchira. Pindani mawondo, osati msana. Chifuwa chikhale pamwamba pa m'mphepete mwa thabwa mwa kuzala, maso ali pa mabawuti akutsogolo, kulemera kwanu kuli pa zala osati pa zidendene. Mukanyamuka mutakhala choncho, thupi limasendera lokha kutsogolo pang'ono, ndipo pang'onopo ndi pokwanira. Wowerama ndi msana matako amatulukira kumbuyo, ndipo akadumpha amakokedwa kumbuyo komweko, ngakhale mutu wake unali pamwamba pa thabwa.

Tsopano phazi lakumbuyo lija lokana kukwera. Chifukwa choyamba tachitchula kale: mwendo umapalasa n'kutsala kumbuyo utawongoka. Mchira ukangogunda, bondo lakumbuyo likwere kulunjika pachifuwa, phazi libwerere pansi pa thako. Ndikuuzeni kuti pa varial phazi lakumbuyo limakhala nthawi yaitali likukwera kuposa likupalasa. Chifukwa chachiwiri ndi mapewa. Thabwa likamatembenuka, maso amafuna kulitsatira, mutu umatsatira maso, mapewa amatsatira mutu, ndipo mumatsika mutatembenuka theka, phazi limodzi lili pa thabwa lina pansi. Mapewa akhale molingana ndi mzere wa choko uja kuyambira ponyamuka mpaka potera. Zikavuta, tambasulani dzanja lakutsogolo muloze nalo kumene mukulowera, ndipo lisachoke pamenepo mpaka mutatsika. Zimaoneka zoseketsa kwa masiku ochepa, koma zimagwira ntchito.

Chachitatu ndi mantha, tisanamizane. Thupi likudziwa kuti kutera pa thabwa lopingasa kumapweteka, ndipo phazi lotsikira pansilo ndi njira yake yodzitetezera. Mutha kulumbira kuti ulendo uno ndikweza onse, koma nthawi ikakwana mwendo umachita zake. Kukakamiza ndi mtima wokha sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kuuphunzitsa mwendowo njira ina. Sinthanitsani dala: chitani varial, mutsike ndi phazi lakutsogolo pansi, lakumbuyo litere pa mabawuti akumchira. Poyamba muzilephera ngakhale zimenezi, ndipo pamenepo ndi pamene muone kuti mwendowo unali kutali bwanji. Zikayamba kutheka maulendo angapo motsatizana, mwendo wakumbuyo wadziwa kumene thabwa limakhala, wakutsogolo unkadziwa kale. Kenako mudzipatse lamulo limodzi kwa mphindi zochepa, mukuyenda pang'onopang'ono: mapazi onse awiri atere pa thabwa, kaya lamaliza kugudubuzika kaya lagwa chagada. Kutera pa thabwa logadama muli pa liwiro lochepa sikoopsa monga mmene mumaganizira, ndipo thupi likazindikira zimenezi limasiya kuthawa. Kugwira chitsulo cha mpanda n'kumayesa kumathandizanso kuti mumve mmene kutera kumamvekera, koma musakhalitsepo. Manja akamanyamula thupi, miyendo siiphunzira kudumphira kumene thabwa likupita, ndipo vuto lanu lili pomwepo.

Kugwira thabwa m'malere kumabwera kokha zinazi zikakhala bwino, choncho sindichulukitsa. Yang'anirani grip tape. Mukaona kuda kwake kukubweranso pamwamba, phazi lakutsogolo, limene linapita kumphuno, libwerere n'kuliletsa kuzungulira, lakumbuyo litsatire. Musaliponde msanga: thabwa likadali cham'mbali mumatera pa m'mphepete mwake, chimene osewera amati primo, ndipo akakolo ambiri abinyira pamenepo. Terani pa mabawuti, mawondo atapindika. Kutera mwamphamvu pakati pa thabwa kapena kunsonga ya mchira ndi kumene kumathyola mathabwa.

Ngati mwakhala mukuyesera mutaima malo amodzi, yambani kuyenda. Liwiro la munthu woyenda pansi lakwana. Ndikudziwa kuti kuima kumaoneka kotetezeka, koma thabwa loima limaterereka mbali iliyonse mukatera molakwika, pamene loyenda limakhazikika, ndipo mukagwa mumagwera kumene mumalowera kale. Pa udzu kapena pa kapeti ndimaletsa pa varial. Mchira sugunda bwino, mateyala akumbuyo satsetsereka potembenuka, ndiye mumazolowera kupalasa mwamphamvu kuposa mmene simenti imafunira, ndipo mukabwerera pa simenti thabwa limauluka. Pali kanjira kena kamene kamathandiza ena: kuyesa muli pa fakie, ndiye kuti mukuyenda chobwerera mchira uli patsogolo, mapazi ali monga mwa nthawi zonse. Liwiro lenilenilo limathandiza kuzunguliza thabwa, scoop imachepa yokha, ndipo mumamva mmene flick yolunjika ija imakolera.

Kanthu kena kamene ambiri sakaona. Ulendo uliwonse thabwa likazungulira 180, mphuno yakhala kumchira. Pa mathabwa ambiri mphuno ndi yaitaliko ndi yokwererapo kuposa mchira, ndiye mukangokwerapo n'kuyesanso osalitembenuza, mukumenya ndi mbali ina imene imagunda pansi mochedwerapo. Ulendo wina zikuyenda, wotsatira zikukanika, inu n'kumadabwa. Pophunzira, litembenuzeni nthawi zonse kuti muzimenya ndi mchira weniweni. Onaninso mchirawo. Thabwa limapangidwa ndi timapepala ta mtengo wa maple, kawirikawiri 7, tomatidwa pamodzi, ndipo mchira ukaperepeseka mpaka kuthwa, kapena thabwa likanyowa n'kufewa, silidumphanso bwino ngakhale mulimenye motani. Za m'lifupi, la mainchesi 7.75 kapena 8 limagudubuzika mopepuka kuposa la 8.5, koma sindingakuuzeni kuti mugule lina chifukwa cha varial. Kickflip ikutheka pa limene muli naloli, varial ithekanso. Ngati ma truck ndi olobodoka kwambiri moti thabwa likukhota mukangoika mapazi m'malo, mangitsani pang'ono nati ya kingpin, bawuti yaikulu ya pakati pa truck, theka la kuzungulira kapena kamodzi, muone kusiyana kwake.

Misongolo imenyedwa ndithu, zimenezo n'zosathawika pa chilichonse chozunguliza thabwa chogona. Thalauza lalitali ndi masokosi okhuthala zimachepetsa mabala, ndipo kuvala zotchinga misongolo si chamanyazi. Chipewa choteteza mutu valani, chifukwa pa varial thabwa limatha kuterereka kutsogolo inu n'kugwa chagada, ndipo pogwa motero nkhongo ndiyo imafika pansi. Yambani ndi ma ollie ndi ma shove-it kuti akakolo atenthe. Miyendo ikatopa lekani, popeza kudumpha kumatsika inu osazindikira, thabwa n'kumasowa malo omalizira. Mukabinya kakolo n'kulephera kuponda masitepe 4, kapena fupa lenilenilo likupweteka mukalikhudza, pitani kuchipatala, musangomanga nsalu n'kubwerera.

Foni yanu ingakuthandizeni kuposa mnzanu woima pambali, chifukwa theka la sekondi diso silingaligawe. Mafoni ambiri amajambula mochedwetsa, pa zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi. Iikeni pansi kumphuno, itayang'ana inu mukubwera, osati cham'mbali monga ambiri amachitira. Kuchokera kumeneko mumaona zonse zimene takambazi: ngati phazi lakutsogolo likutulukira cham'mbali, ngati mapewa akutembenuka, ngati mutu watsala pamzere thabwa litapita. Mukonze chinthu chimodzi pa tsiku. Ndipo kickflip yanu ya 6 pa 10 musaiiwale. Ndi yokwanira kuphunzirira varial, koma maulendo 4 olepherawo ndi omwewo amene akubwera m'kati mwa varial n'kukusokonezani, mpaka osadziwa ngati walakwa ndi flick kapena scoop. Muziyamba tsiku ndi ma kickflip angapo oyera, kenako ma shove-it a mapazi a varial aja, kenako varial yeniyeni.

Za mnzanu uja. Mawu akewo si ake yekha, amamveka kwambiri pakati pa osewera, ndipo ena amaiderera varial kickflip poyera kuti ndi yosaoneka bwino, yongodutsirapo popita ku 360 flip. Ine sindigwirizana nazo. Varial yokwera bwino, yogwidwa m'malere thabwa lili chogona, ndi yokongola, ndipo zimene imaphunzitsa, kugawa ntchito pakati pa mapazi awiri, kudumphira kumbali ya zala, kusunga mapewa, ndi zomwezo zimene 360 flip idzafune kwa inu mowirikiza. Kickflip ya masiku ano ndi 360 flip zonse zinachokera kwa Rodney Mullen wa ku Florida m'zaka za m'ma 1980, atatenga ollie imene Alan Gelfand ankachita pa makoma opindika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kuibweretsa pamalo athyathyathya. Jason Lee ndi mmodzi mwa amene anaitchukitsa 360 flip m'misewu cha m'ma 1990 koyambirira, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amaifuna msanga. Kufulumira kwa mnzanuyo ndikukumvetsa.

Pamene akulondola ndi apa. Pa varial ntchito imagawanika pafupifupi pakati, scoop yochepa ndi flick yomveka. Pa 360 flip pafupifupi zonse ndi za phazi lakumbuyo: zala zimakhala zitatulukira m'mphepete mwa mchira, scoop imakhala yaikulu ndi yachangu moti yokha imayambitsa kale kugudubuzikako, ndipo phazi lakutsogolo limangokhudza pang'ono n'kupatuka. Munthu amene wachita ma varial okhaokha kwa nthawi yaitali amapita ku 360 flip ndi scoop yaulesi ndi flick yamphamvu, thabwa n'kumaima pa 180 kapena 270, iye n'kumati varial yandiononga. Ndi chizolowezi chabe, ndipo chimachoka mukazisiyanitsa ziwirizi poika mapazi. Varial ikhale ndi malo ake, chala chachikulu chili m'kati mwa mchira. 360 flip idzakhale ndi ake, zala zitakola m'mphepete. Mwendo umaphunzira msanga kuti malo awa ndi a ntchito iyi.

Ndiye dongosolo limene ndingakupatseni ndi ili. Malizani varial mpaka izitheka theka la maulendo amene mwayesa, mukuyenda. Pambali pake yambani 360 shove-it yopanda kugudubuza, kuti phazi lakumbuyo liphunzire scoop yaikulu palokha popanda kusokoneza varial. Ndipo ma varial aja amene amapitirira n'kukagwa pa 270, amene lero akukukwiyitsani, muwaone bwino pa foni: onani pamene panali zala zanu pamchira ulendo umenewo, chifukwa 360 flip yanu idzayambira pa malo amenewo.